Thabwa la a Filipo

Ana anga, Agnesi, Pio ndi iwe Tereza, mwakhala mukudandaula kuti chipumire pa ntchito sindikhazikika, ndimangozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Amayi anu akuti ndi shuga. Si shuga ayi. Pali nkhani imene inandikhala pakhosi, ndipo poti pakamwa yandikanika, ndati ndiilembe m'kope lino. Za ubwana wanga musayembekezere, ndinkaweta mbuzi ngati wina aliyense, basi. Maina ena ndawasintha dala, chifukwa moyo wanga wonse ndinkadyera kusunga chinsinsi, ndipo dzanjali silinazolowere kuulula.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa chipatala china cha kuno kumapiri a Dedza. Anandipatsa kachipinda kozizira ka pafupi ndi khomo, ka zenera limodzi pamene odwala ankafolapo kuti ndiwalembe. Abale inu, zimene ndinapeza m'menemo! Mafayilo a odwala anali m'matumba a kachewere, ataunjikidwa pansi, makoswe atadya maina a anthu theka. Bwana wanga anali a Msiska, dokotala wamkulu wa chipatalacho, munthu wamtali wa kumpoto, wosalankhulalankhula. Tsiku loyamba anandiika kiyi m'manja nati, "Mnyamata, zimene zalembedwa m'mapepalamu si zako, si zanganso. Ndi za wodwala. Iwe ndiwe wosunga chabe." Ine ndinangoti "Inde, bwana," maganizo ali pa nsapato zimene ndinkafuna kugula.

Zosowa zinali zambiri. Zikuto za mafayilo ndinkadula ku makatoni a mankhwala, zomangira ndinkapota ndekha ndi khonje. Nditalira kwa miyezi yambiri, a Msiska anaitanitsa kalipentala kuti andikhomere mashelefu. Ameneyu ndiye a Filipo, a kufupi ndi Chimbiya, munthu wamfupi wa mapewa otakata, wokonda kuimba nyimbo za kwaya uku akupala thabwa. Misomali kunalibe, ndiye analumikiza matabwa ndi timapegi ta mtengo. Anali ndi kachitidwe kawo kamene aliyense ankakadziwa: chilichonse chimene apanga, kaya ndi tebulo, kaya ndi benchi, ankachikwera n'kudumphapo asanachipereke kwa mwini. Shelefu yanga anaikwera mpaka pamwamba, mutu utagunda denga, akuseka.

"A Kalaliki," anatero ali pamwambapo, "chimene ndakwerapo ine chidzakuperekezani kumanda chikadali chilili!"

Mashelefu atakhala, ndinayamba kudzimva. Ndinaika lamulo langa loti munthu mmodzi, fayilo imodzi. Anthu akwathu mukuwadziwa, lero abwera ndi dzina la ubatizo, mwezi wa mawa la mfunda, chaka chamawa la agogo awo. Ine ndinkawagwira onse, n'kumanga mapepala awo pamodzi, ndipo ndinkanyadira kuti palibe angandizembe. Panali fayilo imodzi yokha imene mwini wake sindinamuonepo. Inali ya Lazaro Jere. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse kunkabwera mayi wina atafunda nsalu kumutu, kudzatenga mankhwala a Lazaroyo kwa a Msiska enieni, osadzera pa mzere. Anali mankhwala a khunyu. Sindinafunse, ndinkangoti ndi mwana wawo wobisidwa kunyumba, monga ankachitira ambiri.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mwezi wa Malichi

Chaka chimenecho kunali msonkhano wotsegulira sukulu yatsopano, ndipo mlendo wamkulu anali phungu wa dera lathu. Dzina lawo sinditchula, ndiziti a Phungu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo kukakhala msonkhano msika unkatsekedwa, aliyense kukakhala padzuwa. Nsanja yoimapo akuluakulu anamangitsa kwa a Filipo. Ine sindinapite, ndinali pa ntchito. Masana ndinangoona galimoto ikulowa ndi liwiro, anthu akufuula. A Phungu anali atagwa chagada ali pakati polankhula, thabwa lotchinga kumbuyo kwa nsanja litathyoka, iwo n'kukafikira pa miyala. Fupa la ntchafu linathyoka. Dzuwa lisanalowe tinamva kuti anyamata a chipani akawagwira a Filipo ndi kukawapereka kupolisi, ati anacheka thabwalo dala kuti aphe phungu.

M'mawa mwake ndikutsegula fayilo ya a Phungu, akazi awo anabwera pa zenera kudzandiuza mudzi ndi mfumu. Nditadzutsa mutu, ha! Ndi mayi uja wa mankhwala a Lazaro, kungoti lero sanafunde kumutu. Ndinayang'ana zimene a Msiska analemba pa pepala la dzulo: lilime lolumidwa, thovu kukamwa, wakhala masabata awiri osamwa mankhwala. Ndipo zinali zoona, mankhwala amenewo anali atatha pa chipatala pathu kuyambira Febuluwale. Mudzi wa Lazaro ndi mudzi wa a Phungu unali umodzi. Ine ndi nzeru zanga za ukalaliki ndinatenga mafayilo awiriwo n'kuwamanga ndi chingwe chimodzi, ndi kulemba nambala imodzi ndi inki pa zikuto zonse. Ndinapita nawo kwa a Msiska ndikumwetulira, ndikuyesa andiyamikira.

Anayang'ana fayiloyo nthawi yaitali. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuwalekanitsa anthu awiriwa," anatero, "iwe wawakwatitsa m'mawa umodzi. Chabwino. Tsopano ukudziwa. Kaitsekere mu diloo, kiyi isachoke m'thumba mwako."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa zonse. Thabwa silinagwetse munthu. Munthu ndiye anayamba kugwa ndi matenda ake, thupi lonse n'kugwera pa thabwalo. Akazi awo, amene anali pafupi, anathamangira kuseri kwa nsanja n'kuwafunditsa nsalu kumaso anthu asanaone. Patapita sabata kunabwera fomu yopempha chipukuta misozi cha munthu wovulala pa ntchito ya boma. Pa mzere wofunsa chimene chinachititsa ngozi anali atalembapo kale ndi taipi kuti nsanja yomangidwa mosasamala inathyoka. A Msiska analemba za fupa lokha, n'kusaina, n'kutuluka panja kukasuta fodya amene anali atasiya kalekale.

Epulo

Mwezi umenewo anthu awiri anabwera kudzafuna fayilo imodzimodziyo. Woyamba anali wapampando wa chipani wa dera lathu, amene tonse tinkangoti a Tcheya. Aliyense ankadziwa kuti mpando wa a Phungu ankaufuna ngati mchere. Anasankha tsiku limene a Msiska anapita ku Lilongwe kukapempha mankhwala. Sanaime pa zenera ayi, analowa m'kachipinda kanga n'kukhala pa tebulo langa.

"Tione mapepala a phungu wathu."

"Pepani bwana, mapepala a wodwala sationetsa popanda chilolezo cha mwini wake."

"Mwini wake ndani? Phungu ndi munthu wa chipani. Mwendo umene wathyokawo ndi wa chipani. Akupempha chipukuta misozi ku boma, ndiye boma lisadziwe kuti anagwa bwanji?"

Mtima wanga mukuudziwa, munthu akandikhalira pa tebulo china chake chimandikwera. Ndinati, "Bwana, bweretsani kalata ya a Phungu kapena ya khoti, ndikutsegulirani ndi manja awiri." Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, nati, "Ndaona kuti kuno kukukuzizirani, a Kalaliki. Tikupezerani kotentha." Atatuluka ndinathamangira kuchimbudzi.

Wachiwiri anabwera patapita masiku atatu. Anali a Naphiri, akazi a a Filipo. Anayenda wapansi kuchokera ku Chimbiya, ndipo anadikira mpaka mzere wonse utatha ndiye anasendera pa zenera. Analankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, ine sindinabwere kudzadwala. Amayi ena amene ankavina kufupi ndi nsanja anaona. Akuti bwana aja anayamba kuuma thupi, maso atatembenuka, thabwa lisanalire. Koma palibe angakanene kupolisi, aliyense ali ndi ana. Akuti zinalembedwa m'mapepala anu. Ndipatseni pepala limodzi lokha ndikaonetse."

"Mayi, sindingathe. Za matenda a munthu ndi chinsinsi chake."

"Chinsinsi?" Mawu anakwera pang'ono. "Tikamawavinira padzuwa ndi athu tonse. Tikamasonkha mazira ndi nkhuku ndi athu tonse. Lero agwa, akhala a iwo okha? Nanga amuna anga akugona pa simenti chifukwa cha chinsinsi cha ndani? Mashelefu amene mwabisapo mapepalawo anakhoma ndani?"

Mayiyo ankanena zoona. A Tcheya nawonso, ngakhale mtima wawo unali woipa, funso lawo silinali lopusa. Koma ndikanapereka pepalalo kwa a Naphiri likanathera m'manja mwa a Tcheya omwewo, ndipo dera lonse likanadziwa matenda amene munthu anauza dokotala wake yekha. Komanso, ndisadziyeretse, apolisi akanafunsa kuti wapereka pepala ndani. Agnesi unali ndi zaka zitatu, Pio ali m'mimba. Ndinatseka zenera a Naphiri akadali chiimire.

A Msiska atabwera ndinawafotokozera zonse. Anati, "Wotsegula fayilo ndi mwini wake. Ine ndinayesa kulankhula ndi a Phunguwo, anatembenukira kukhoma. Ndikalimbikira ati wakumpoto wayamba ndale. Iwe ndiwe mwana wa konkuno, mumapemphera tchalitchi chimodzi. Pita."

Ndinapita nthawi ya chakudya cha masana, anamwino atatuluka. A Phungu anali m'kachipinda kaokha, mwendo uli m'chikhakha, utakwezedwa ndi zingwe. Munthu amene tinkamuona pa nsanja atavala suti anali wochepa zedi pa bedipo. Ndinagwada pafupi, chipewa m'manja. Ndinangoti, "Bwana, ine ndine wosunga fayilo ya Lazaro."

Anatseka maso. "Ndani wina akudziwa?"

"A dokotala ndi ine. A Tcheya anabwera, ndinawakaniza. Koma bwana, a Filipo ali m'ndende pa mlandu umene inu mukudziwa kuti si wawo. Ine sindingatsegule pakamwa. Inu nokha ndi amene mungathe."

Anayamba kulankhula ngati akudzilankhulira. Anati za mpando alibe nazo ntchito kwenikweni, atopa nawo. Koma mwana wawo woyamba, Rozina, chinkhoswe chinali chitachitika kale, ukwati ukudikira kuti anthu akolole. "Akuchimuna akangomva kuti m'nyumba mwanga muli khunyu, ukwati watha tsiku lomwelo. Mukudziwa mmene anthu athu amaganizira, ati zimayenda m'magazi, ati ukakhudza thovu watenga. Si Rozina yekha, azing'ono ake awiri nawonso palibe adzawafunsire. Ndipatseni mpaka Ogasiti, a Kalaliki. Mwana akangolowa m'nyumba mwake, kalipentalayo ndimutulutsa. Ndikulumbira."

"Bwana, pakati pa lero ndi Ogasiti pali Juni ndi Julayi. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Kundende kulibe bulangete."

Misozi inatsikira m'makutu mwawo, poti anali chogona chagada. Sindinaonepo munthu wamkulu akulira choncho. Ndinaganiza za Rozina, mtsikana amene ankaimba kutsogolo kwa kwaya, wosalakwa chilichonse. Ndinaganiza za a Filipo, ndi mapewa awo aja, ndinati mumtima, amenewo ndi olimba, miyezi inayi apirira. Taonani mmene ndinayezera anthu awiri ngati nyemba pa sikelo! Ndinaimirira n'kunena mawu awiri amene andizunguza mpaka lero: "Chabwino, bwana."

Meyi mpaka Ogasiti

Chisanu cha chaka chimenecho sindidzachiiwala. M'mawa uliwonse ndikamapita ku ntchito, nkhungu itaphimba phiri, udzu utayera, ndinkadziwa kuti pali munthu wagona pa simenti chifukwa cha "chabwino" wanga. Ndinayamba kukalipira odwala pa zenera popanda chifukwa. Amayi anu ankandifunsa chimene chandilowa, ine n'kumati ndi mutu. Kawiri konse ndinatsegula diloo ija n'kugwira fayilo, kawiri konse ndinaibweza. Tsiku lina pa msika wa pa Boma ndinaona a Naphiri akugulitsa mpando ndi katebulo, zotsala za amuna awo. Ndinakhota, n'kukadzera kuseri kwa ogulitsa makala ngati mbala.

Ukwati wa Rozina anaulengeza m'tchalitchi Lamulungu katatu, ine ndili pa benchi imene anakhoma a Filipo, kuwerenga masabata. Anandiitana ku ukwatiwo, ndipo ndinapita. A Phungu anayenda ndi ndodo kumuperekeza mwana wawo. Kunali mpunga ndi nyama ya mbuzi, ndipo ndinadya, ana anga. Ndinadya ndithu, mpaka kuwonjezera.

A Phungu lonjezo lawo anasunga, koma theka. Sabata yotsatira anabweza fomu ya chipukuta misozi ija, nalembera apolisi kalata yoti iwo monga mkhristu amukhululukira kalipentala, alibenso naye mlandu. Zoti anayamba kugwa okha sanalembe. A Filipo anatuluka ngati munthu wochitiridwa chifundo, osati ngati munthu wosalakwa. Ine ndinadziuza kuti bola atuluka.

Seputembala

Linali Lachitatu m'mawa, mzere utafika mpaka pa mtengo wa panja. Ndinamva chifuwa chouma, chokoka, ndisanaone munthu. Nditayang'ana sindinawazindikire msanga. Mapewa aja anali atatha, jekete ikungolendewera.

"A Kalaliki, mwadzuka bwanji? Ndilembeni, chifuwachi chandivuta."

Ndinalemba dzina lawo. Iwo anasuzumira mkati, kuyang'ana mashelefu.

"Akadali chilili," anatero, n'kumwetulira pang'ono. "Amenewo ndinawakwera. Nsanja ija ndiye sindinaikwere, a Kalaliki. Anandipatsa masiku awiri okha, matabwa aawisi a paini, misomali yakale yowongola ndi hamala. Thabwa la kumbuyo lija linali ndi mfundo pakati, ndinaiona ndi maso angawa. Ndinati ndisintha m'mawa, koma m'mawa anyamata anali atakuta kale nsanja yonse ndi nsalu, osandilola kuyandikira. Akazi anga akuti bwana aja anagwa okha, koma amenewo akungonditonthoza. Ine ndikudziwa, ndinapundula munthu. Kundende ndinkangoona mfundo ija. Zipangizo ndagulitsa, sindidzagwiranso sowo. Mukawaona a Phungu mukandithokozere, ndi munthu wa Mulungu."

Kalanga ine! Yankho linali mu diloo, pafupi ndi bondo langa. Sindikanafunika ngakhale kutchula matenda. Ndikanangoti, "A Filipo, akazi anu akunena zoona," basi, iwo akanandikhulupirira, chifukwa ankadziwa kuti mapepala ndimasunga ndine. Koma kumbuyo kwawo kunali mzere wa anthu otchera makutu, ndipo wachitatu pa mzerewo anali mnyamata wa chipani atavala malaya ake ofiira. Ndinawapatsa tikiti yawo n'kunena kuti, "Tidzacheza Lamulungu tikaweruka ku Misa. Ndili ndi mawu."

"Chabwino, a Kalaliki," anatero, n'kupita akutsokomola.

Lachisanu kunabwera kalata. A Tcheya sanaiwale lonjezo lawo: anandisamutsira ku kachipatala ka kuchigwa, kumwera kwenikweni, kotentha moti sopo ankasungunuka pa zenera. Lole yonyamula katundu inafika Loweruka. Kiyi ndinabwezera a Msiska, amene anaika fayilo ija m'chikwama chawo. Lamulungu limene ndinalonjeza linandipeza ndili pamwamba pa lole, nditagwira matiresi.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinalembe kalata. Ndinkadziuza kuti makalata amatsegulidwa panjira, ndipo zinali zoona. Ndinkadziuza kuti ndidzapita pa tchuthi. Tchuthi choyamba Pio unadwala chikuku, sitinayende. Dzinja lachiwiri a Msiska anandilembera mizere itatu, wachitatu unali woti kalipentala uja anamwalira ndi chifuwa chachikulu.

Tsopano

A Phungu anatisiya kalekale, mpando anausiya okha chaka chotsatira cha ngozi ija, ndipo a Tcheya sanaupeze. Rozina ali ndi zidzukulu, ndimamuona ku Misa, sadziwa kanthu, ndipo musakamuuze. Masiku ano pa wailesi ndimamva achinyamata akukangana, ena ati mtsogoleri akadwala kapena akavulala pa ntchito anthu ali ndi ufulu woona mapepala ake, ena ati matenda ndi chinsinsi cha munthu. Onse amalankhula mosavuta, ngati kuti kumbuyo kwa pepala kulibe munthu. Ine ndikamva zimenezo ndimazimitsa wailesi n'kuyamba kuzungulira nyumba. Kuwakaniza a Tcheya sindinong'oneza nako bondo, ngakhale lero ndingawakanizenso. Za miyezi inayi ija, tsiku lina ndimati ndinachita bwino, tsiku lina ndimati ndinapha munthu. Koma za Lachitatu lija pa zenera ndilibe podzikanira. Pamenepo panalibe lamulo londiletsa, anali mantha basi.

Mwezi watha nditapita kukayezetsa shuga ndinasuzumira m'kachipinda kanga kakale. Muli kompyuta tsopano, ndi mtsikana wosadziwa kupereka moni. Mashelefu aja akadali pomwepo, sanapindike ngakhale pang'ono.

Pio, ndafufuza, a Naphiri ali moyo. Akukhala ndi mwana wawo wamkazi amene amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu pa Chimbiya. Loweruka likubwerali usandiuze za mafuta a galimoto, ukandiperekeze. Ndikufuna ndikanene ndi pakamwa panga kuti amene anayamba kugwa ndi munthu, thabwa linathyoka pambuyo. A Naphiri akudziwa kale, anandiuza okha pa zenera paja ine n'kuwatsekera. Amene anapita osamva ndi a Filipo, ndiye ndikawapempha mayiwo andilozere pamene anagona.